Umboni wa Magazi

Mwa ntchito zonse za pachipatala, yanga ndiyo imene anthu saidziwa kwenikweni, pakuti wodwala amakumbukira dokotala amene anamufunsa mafunso ndi namwino amene anamubaya jakisoni, koma ine wa m'kachipinda koyezera magazi amangonditambasulira chala kapena mkono, nachoka. Ndine mbadwa ya kuno ku Kabwazi, m'boma la Dedza, ndipo ntchitoyi ndinaiphunzira ku Lilongwe, pa Malawi College of Health Sciences. Tsono chimene ndifuna kufotokoza ndi chigawo chimodzi chokha cha ntchitoyo, ndicho kuyeza mmene thupi la munthu lalimbanira ndi matenda, kapena mmene lalandirira katemera.

Mlengi, mwa nzeru zake zakuya, anaika m'magazi mwathu asilikali, ndipo kachilombo kakalowa m'thupi, pakapita sabata imodzi kapena ziwiri asilikaliwo amasula zida zoyenerana ndi mdani ameneyo yekha, zimene ife timazitcha ma antibody. Oyamba kuoneka ndi a IgM, amene amazimirira pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Pambuyo pake pamadza a IgG, amene amakhala zaka zambiri. Katemera naye amaonetsa thupi mdani wofooketsedwa, kapena wakufa, kapena kachidutswa kake chabe, kuti zida zisulidwe nkhondo isanafike. Chotero nthawi zambiri sitigwira kachilombo kenikeniko ayi, koma monga mlenje amadziwa nyama imene yadutsa poona mapazi ake, nazindikiranso ngati yadutsa lero kapena dzana, momwemonso ife timawerenga zimene mdaniyo anasiya m'magazi.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha kumapiri kuno chimaumitsa zala, munthu wodzayezetsa HIV ndimayamba ndamuuza kuti afikise manja ake, chifukwa chala chozizira chimakaniza magazi. Ndikachipukuta ndi sipiriti ndi kuchilola kuti chiume, ndimabaya chammbali, dontho loyamba ndimalipukuta, lachiwiri ndilo ndimalikoka ndi kachubu kowonda ndi kulidonthetsa pa kapepala ka Determine, n'kuthirapo dontho limodzi la mankhwala oyendetsa magazi. Apa ndipo pagona luso, pakuti mphindi 15 zisanakwane palibe chimene ndinganene, ngakhale mwini magaziwo atandiyang'ana ndi maso ochonderera. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mzere wakumtunda ukapanda kutuluka, kapepalako n'kotaya. Ikatuluka mizere iwiri, sindiulula kanthu kufikira nditatsimikiza ndi zoyezera zina, monga Uni-Gold, popeza mlandu waukulu chotere suweruzidwa pa mboni imodzi.

Komatu magazi amanena zoona kwa iye yekha amene awafunsa pa nthawi yake. Munthu amene watenga kachilombo dzulo, zida zake sizinasulidwe, ndiye tikamuuza kuti abwerenso sikuti tikumuzunza. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV limanyamula ma antibody a amake kufikira miyezi ngati 18, lingakhale lilibe kachilombo. N'chifukwa chake likakwana masabata 6 timalibaya kuchidendene, n'kudonthetsa magazi pa khadi, ndipo akauma wanjinga yamoto amapita nawo ku labotale yaikulu, kumene amafunafuna kachilombo kenikeniko. Chitetezo chobwereka kwa mayicho ndichonso chimene chimafooketsa katemera wa chikuku akaperekedwa msanga, ndiye mwana amalandira atakwana miyezi 9, nabwereza pa miyezi 15, kuti amene thupi lake silinamve poyamba limve kachiwiri. Amene anaona mliri wa chikuku wa mu 2010, umene unagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno, sangafunse phindu la jakisoni wachiwiriyo.

Mlangizi wa zaumoyo akapeza kumudzi mwana wotentha thupi, wa totupa pakhungu ndi maso ofiira, ndimatenga magazi a mumtsempha, ndi kuwazunguza m'makina kufikira ofiira atakhazikika pansi ndipo pamwamba payandama madzi achikasu. Madziwo ndimawasamutsira m'kabotolo kolembedwa bwino, ndi kuwaika m'bokosi lozizira kuti apite ku Lilongwe. Akapezeka ndi IgM, ndiye kuti chikuku chilidi m'mudzimo, ndipo ana ena afulumire kutetezedwa. Palinso kuwerenga asilikali otchedwa CD4, amene mwa munthu wathanzi amakhala pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kochepetsetsa. Kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo ka HIV amayamba ma ARV osadikira chiwerengerochi, komabe chikatsika kupyola 200 timadziwa kuti linga lagumuka, ndipo chifuwa chachikulu ndi matenda oumitsa khosi zifufuzidwe tsiku lomwelo.

Anzathu a kafukufuku, monga a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, amapitirira apa. Iwo amatenga magazi a mwana asanalandire katemera, natenganso patapita masabata 4, nasungunula madzi achikasu aja mobwerezabwereza m'mbale ya timaenje 96, kuti aone pamene mphamvu yake ithera. Ikakwera kanayi kapena kuposa, ndiye kuti thupi lamva. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi, ndipo zitaoneka kuti amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse, boma linaufikitsa m'dziko lonse mu 2023, kufikira ndi kwathu kuno. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: magazi a ana a ku Ndirande anachitira umboni ana a ku Dedza.

Chifukwa chake, inu amayi ndi abambo, sungani bwino buku la kusikelo, kuti lisanyowe kapena kudyedwa ndi chiswe. Musaleke katemera panjira poona kuti mwana ngwonenepa, pakuti chitetezo sichioneka pa masaya. Ndipo woyeza magazi akakuuzani tsiku lobwereranso, bwerani tsiku lomwelo, ngakhale ikhale nyengo yokumba mbatata kapena yosoka fodya.