Farda ya Asilikali Ongopeka

Kwathu kuno kumalire, mtundu uliwonse wa nsalu uli ndi mwini wake. Amene sakhulupirira ayese kuveka gulu la asilikali a m'sewero, adzaona yekha. Nchito imeneyi inagwera ine caka catha, cifukwa ndine telala wa m'mudzi. Anyamata a bungwe lathu ankakonza sewero la pa 4 Okutobala, tsiku lokumbukira mtendere umene unasainidwa ku Roma mu 1992. M'seweromo munali mfumu yongopeka ndi asilikali ake 12, ndipo onsewo ankafunika farda, imene anzathu a kutsidya amati yunifomu.

Anyamatawo ankafuna zobiriwira zamawangamawanga ngati za m'mafilimu. Onse anabadwa nkhondo itatha. Koma odzaonera seweroli anali amayi ndi agogo amene anagonapo m'chire, ena n'kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pa nkhondo ija ya 1977 mpaka 1992, anthu opitirira miliyoni imodzi anawolokera ku Malawi. Amayi anga mpaka lero, akaona munthu wovala zamawanga akutulukira m'cimanga, amadula nkhani pakamwa. Ndinawauza anyamata aja kuti sitingaitane anthu otere kudzasangalala, kenaka n'kuwaimikira patsogolo cinthu cimene anacithawa.

Ndinawafotokozeranso cifukwa cimene asilikali enieni amavalira conco. Kale ankavala zowala. Angelezi anali ndi majekete ofiira, ndipo Afalansa anapita kunkhondo mu 1914 atavala mathalauza ofiira. Mfuti zamakedzana zinkafuka utsi wambiri, ndiye msilikali ankafunika kuzindikira mnzake mu utsimo. Zitabwera mfuti zoombera patali zopanda utsi, covala cowala cinayamba kuphetsa mwini wake. Angelezi anatenga khaki, dzina locokera ku India lotanthauza mtundu wa fumbi, ndipo Afalansa anasiya mathalauza awo ofiira mu 1915. Zovala zamawanga n'zobisalira. Asilikali athu a pabwalo ankafunika kuoneka bwino ngakhale kwa mwana wokhala kumbuyo kwenikweni, pansi pa mtengo.

Titagwirizana zimenezi, tinayamba kuwerenga mitundu, ndipo apa ndi pamene panavuta. Cofiira cimakumbutsa magazi, komanso ndi mtundu wa Frelimo. Cacikasu, mukangodumpha msewu, ndi ca UDF. Cabuluu ndi ca DPP. Ife timagula ndi kugulitsa m'misika imodzi ndi a kutsidya, timakwatirana nawo, ndipo pa tsikulo amabwera kudzaonera. Sindinafune kuti wina abwerere kwawo akunena kuti sewero la mtendere linali msonkhano wa cipani. Cakuda ndi ca maliro. Coyera cokhacokha cimakongola pa ovina mganda a kunyanja, amene gule wawo amatsanzira perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, koma pa katondo wa kwathu kuno cikanada sewero lisanafike pakati.

Yankho ndinalipeza m'dimba. Angónia ndi dziko la mbatatesi, ndipo mbatatesi zina zikamasula maluwa zimakhala ndi mtundu umene pa Cipwitikizi amati roxo. Palibe gulu la nkhondo limene linadutsa m'midzi yathu litavala mtundu umenewo. Amene timawaona atauvala ndi abambo a kuchalichi m'nyengo ya Lenti, nthawi yolapa, ndipo ndinaona kuti n'zoyenera sewero lokamba za kutula zida. Nsaluyo ndinakaipeza ku msika wa Lizulu. Ndinasoka malaya 12, aliwonse ndi lamba woyera m'ciuno.

Pa zishango ndinabwerera kwa makolo athu Angoni, amene anacokera kumwera. Kwa Azulu, mtundu wa cikopa ca ng'ombe pa cishango unkauza anthu msinkhu wa gululo. Anyamata ankanyamula zishango zakuda, ndipo zoyera zinali za akuluakulu amene anamenyapo nkhondo zambiri. Ifenso tinatsata zomwezo. Tinadula makatoni, n'kuwalimbitsa ndi nsungwi, n'kuwapaka makala osinja osakaniza ndi phala la cinangwa kuti asayoyoke. Anyamata 11 anatenga zakuda za madontho a njereza. Mkulu wa gululo, bambo wa imvi amene amatsogolera ingoma, anatenga coyera. Mfuti sitinaseme ngakhale imodzi. M'manja ananyamula zibonga zovinira ingoma, zimene aliyense amaziona paukwati ndi pamwambo popanda kucita mantha.

Tsikulo amayi anga anakhala kutsogolo pamphasa ndipo anaonera mpaka kumapeto. Asilikali atalowa m'bwalo, mayi wina anakuwa kuti, "Taonani nkhondo ya mbatatesi!" Bwalo lonse linafa nazo kuseka, ndipo dzinalo lawakanirira anyamatawo mpaka pano. Poyamba anadandaula kuti sakuoneka oopsa, koma caka cino abwera okha kudzandipempha kuti ndikonze malaya omwe aja.

Inu a m'midzi ina amene mukukonza masewero otere, musanagule nsalu, kayambeni mwafunsa agogo a kwanu. Afunseni mtundu umene angathe kuuyang'ana kwa ola lathunthu mtima uli m'malo, ndipo musoke umenewo.