Rozi ya Agogo Yadzuka

Kuseri kwa nyumba ya malemu agogo anga ku Dedza kunali chitsamba chimene tonse tinkachilambalala poopa minga. Nthambi zouma zinali zitapiringizana ndi udzu, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake. Titagwirizana zolambula pabwalo, azakhali anachiloza n'kunena kuti, "Ichi chokha musachikhudze, ana inu. Ndi rozi ya amayi, anaitenga kwa masisitere akadali mtsikana."

Ine ndinkadziwa za chimanga, nyemba ndi kachewere basi. Wondiphunzitsa anali mkulu wina wa pamudzipo amene anagwirapo ntchito yosamalira maluwa ku Zomba. Anabwera m'mwezi wa June, chisanu cha ku Dedza chili pachimake, chifukwa nthawi yozizira ndi imene rozi imapumula ndipo imapirira kudulidwa. Anapala khungwa ndi chikhadabo, pansi pake panaoneka pobiriwira. "Mwanangu, iyi ili moyo," anatero. Tinachotsa nthambi zonse zouma, zowonda ndi zopingasana, n'kusiya zamphamvu zochepa, pakati pali pongololo kuti mphepo ndi dzuwa zizilowa. Podula anandionetsa kuti uziyang'ana diso loloza kunja, n'kudula pamwamba pake pang'ono mopendeketsa kuti madzi asamakhazikike pabala. Mkati mwa nthambi mukakhala mofiirira, umatsika nayo mpaka upeze poyera. Titamaliza panangotsala zitsa zofika m'mawondo. Tinathira manyowa a ng'ombe owola bwino ndi madzi ambiri.

Kutayamba kufunda, maso aja anatupa n'kutulutsa mphukira zofiira psuu, zofewa, zonyezimira. Sindinkadziwa kuti masamba a rozi amabadwa ofiira kenako n'kubiriwira. Duwa loyamba linali lapinki, lothithikana, lolemera moti linkaweramitsa kanthambi kake. Fungo lake ndiye linandigwira mtima. Marozi ambiri a m'masitolo, aja amakulungidwa m'pepala pa tsiku la Valentine, ndi okongola koma sanunkhira kwenikweni. Iyi unkaimva uli pakhonde, makamaka m'mawa mame asanaume. Azakhali anainunkhiza n'kukhala kaye chete, kenako anayamba kusimba za amayi awo nkhani zimene sitinazimvepo.

Chimene chinandidabwitsa koposa n'chakuti rozi imadzalidwa monga timadzalira chinangwa. Umasankha nthambi imene yangomaliza kuchita maluwa, yonenepa ngati pensulo, n'kudula kamtengo kotalika masentimita 20, kokhala ndi maso atatu kapena anayi. Kumunsi umadula pansi penipeni pa diso, pakuti mizu imakonda kutulukira pamenepo. Masamba amunsi umathothola, n'kusiya awiri pamwamba. Kenako umakazika m'chubu cha mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono, n'kuvundikira ndi botolo la pulasitiki lodula kuti chinyontho chisathawe, n'kuika pamthunzi. Mkulu uja anandichenjeza kuti masamba oyamba amanyenga: amaphuka ndi chakudya chimene chinali kale m'kamtengoko, mizu isanatuluke. Mizu imatenga masabata 6 mpaka 8, ndipo wosaugwira mtima amaidula pozula kuti aone. Tina timaola ndithu, n'chifukwa chake umazika tambiri.

Mbewu ya rozi ukaifesa kawirikawiri sibereka duwa lofanana ndi make. Koma kamtengo kodula kamakhala rozi yomweyo, fungo lomwelo, minga yomweyo. Ku Lyon, m'dziko la France, Jean-Baptiste Guillot anatulutsa rozi yotchedwa La France mu 1867, ndipo La France iliyonse imene ikuphuka lero ndi chidutswa cha chitsamba chimodzi chija, chopatsirana kuchokera m'manja kupita m'manja. Ndikaganiza kuti ya kwathu nayo inayenda motero, kuchokera kwa munthu amene sitimudziwa, kudzera kwa masisitere mpaka kwa agogo, ndimaona kuti ndi chuma chofunika kuchisunga mwaulemu.

Ndinamvetsanso chifukwa chake inapulumuka zaka zonsezi popanda wothirira. Marozi ambiri ogula ku nazale amakhala omezanitsa: pamwamba ndi mtundu wokongola, tsinde ndi mizu ndi za mtundu wina wolimba. Pamwamba pakafa, zophukira pansi zimakhala za mtundu winawo. Ya agogo ili pa mizu yakeyake, ndiye ngakhale mbuzi ziidye mpaka pansi, yophukayo imakhala iyo yomwe.

Pano ndikulimbana ndi nsabwe zimene zimaunjikana pa mphukira, ndimazitsuka ndi madzi a sopo. Mvula ikayamba kudzabwera madontho akuda pamasamba, ofunika kuwathothola n'kuwatentha. Machubu amene agwira ali kale ndi eni ake: achemwali a ku Area 25 aitanitsa awiri, amalume a ku Johannesburg akuti yawo ndiwasungire pakhomo, ndipo azakhali akufuna imodzi ikadzalidwe kumanda kwa agogo mvula ikakhazikika.