Amene agogo ankati wofatsa, lipoti linkati shy

Pansi pa lipoti la kusukulu pamakhala kabokosi komwe aphunzitsi amalembamo za khalidwe la mwana. Masamu ndi Sayansi zimapatsidwa manambala, koma khalidwe limapatsidwa mawu, ndipo mawuwo amakhala a Chizungu. Anga sankasintha chaka ndi chaka: quiet, shy.

Ndinakulira m'mudzi wina pafupi ndi nkhalango ya Lukusuzi, m'dera lomwe lonse linali pansi pa Lundazi, Lumezi isanakhale boma palokha mu 2018. Pakhomo tinkasakaniza Chitumbuka ndi Chichewa. M'kalasi tinkaphunzira Chinyanja, chifukwa Chitumbuka sichili m'gulu la zilankhulo 7 zomwe dziko la Zambia linasankha kuti ziziphunzitsidwa m'masukulu. Ndiye khalidwe langa linkayezedwa katatu. Agogo ankayang'ana nkharo, buku la Chinyanja linkanena za makhalidwe abwino, ndipo lipoti linkatsiriza ndi conduct.

Kwa agogo ndinali mwana wofatsa, ndipo amenewo anali mawu oyamikira. Wofatsa sathamangira kuyankha. Amalandira chinthu ndi manja awiri, amagwada popereka madzi, sayang'ana mkulu m'maso ngati akufuna ndewu. Tayesani kupeza liwu limodzi la Chizungu lonyamula zonsezi. Quiet amangonena kuti pakamwa ndi potseka. Shy amanena kuti pali chosowa, mwanayo afunika kukonzedwa. Chonsecho kwathu munthu akakuuza kuti ulibe manyazi, ulije soni, wakutukwana.

Polite nayenso ndi wopepuka. Amakhala pa lilime: please, sorry, thank you. Ulemu, kapena ntchindi, umakhala m'mawondo, m'manja, ndi mu ka "a" kamene timaika kutsogolo kwa dzina la munthu wamkulu. Chizungu chili ndi you mmodzi yekha, wa mfumu Mwase ndi wa kamwana koyamwa. N'chifukwa chake mpaka lero lilime limandilemera ndikamati you kwa munthu wa imvi.

Nditabwera ku Lusaka ndinazindikira chinthu china, ndipo ndi chimene ndikufuna inu a mu komboni muchigwire. Mawu ambiri a Chizungu onena za khalidwe amayenda awiriawiri ngati mapasa, wina wovala suti, wina wovala sanza. Determined ndi stubborn ndi munthu mmodzi yemwe sakufuna kusintha maganizo. Confident ndi arrogant ndi munthu mmodzi yemwe waimirira n'kulankhula. Careful ndi slow, curious ndi nosy, thrifty ndi stingy. Chochitika ndi chimodzi. Chosiyana ndi yemwe wagwira bolopeni, komanso mmene akukuonera. Mwana wa abwana akakana amati ndi assertive. Mtsikana wa ntchito ya m'nyumba wochokera ku Mtendere akakana mofananamo amati ndi cheeky. Ifenso tili nazo zathu, khama ndi liuma ndi ana a mimba imodzi, koma zathuzo zimathera pakamwa. Za Chizungu zimalembedwa, zimadindidwa, zimalowa mu faelo n'kukutsata kukafuna ntchito.

Ku Lukusuzi nkhani ya mawu imeneyi si ya m'kalasi chabe. Nkhalangoyo inakhala national park mu 1972. Mwamuna amene ankalowa m'thengo ndi mfuti ya gogodela n'kubwerako ndi nyama yogawira mudzi ankatchedwa mlenje, Atumbuka amati chiŵinda, ndipo linali dzina laulemu. Pa pepala la boma munthu yemweyo ndi poacher. Mu 2015 mabanja omwe anamanga ndi kulima mkati mwa paki anachotsedwamo, ndipo nyuzi zinkawatcha squatters ndi encroachers. Sindikunena kuti lamulo lilibe chifukwa chake. Nyama zinatha ndithu, mitengo inagwa, ndipo amene anaona Lukusuzi zaka zimenezo amadziwa mmene inakhalira chete. Koma encroacher alibe nkhope. Liwulo silikuuzani kuti munthuyo anathawa munda wotopa, kuti fetereza anamukanika, kuti ali ndi ana asanu. Ukangomutcha choncho, funso loti akagona kuti usiku umenewo limakhala ngati si lako.

Nazo nyama sizinapulumuke. Mu July 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, paki ya ku Malawi yomwe ili pa malire penipeni ndi kwathu. Njovu sidziwa pasipoti. Ikadya masamba m'paki ndi wildlife, chuma cha dziko. Ikaoloka n'kugwetsa nkhokwe ya chimanga yasanduka problem animal. Njala yake ndi yomweyo.

Pali liwu limodzi lomwe ndimaliganizira kawirikawiri. Bungwe la COMACO, lomwe linayambira ntchito yake ku Lundazi komweko ndipo limagulitsa chiponde, mpunga ndi uchi pa dzina la It's Wild!, limatcha anthu omwe anapereka mfuti ndi misampha n'kuyamba ulimi kuti transformed poachers. Mbali ina ndimalikonda, chifukwa likuvomereza kuti khalidwe si chipsera, munthu amasintha. Mbali ina limandiluma, chifukwa poacher uja akadali pomwepo, amangomuveka jekete. Ngakhale atakolola matumba angati a nshawa, dzina lakale limayenda naye.

Amalume anga ena ndi mmodzi mwa anthu otero. Anasiya za m'thengo kalekale, pano amaweta njuchi. Chizungu chawo n'chochepa, koma mawu awiriwo amawadziwa bwino, ndipo alendo akabwera ndi makamera amawatchula okha, akumwetulira, manja ali kumbuyo. Ulendo wapitawu ndinawafunsa kuti, "Amalume, kodi dzina limeneli limakusangalatsani?" Anaseka, n'kunena kuti la alendo ndi la alendo. Kenaka kunadutsa mayi wina atasenza ndowa, anapinda maondo n'kupereka moni: "Monire a Chiŵinda." Amalume anayankha asanatembenuke n'komwe.