Za Iwo Oitanidwa ndi Mwini Nchito Kukakhala Kutali

Ife aphunzitsi a kuno kwa Zulu tiri ndi nchito yina imene sitinaiphunzire ku sukulu ya Normal, ndiyo ya kuwerengera anthu makalata ocokera kutali. Masiku ano ena mwa makalatawo ali a mtundu wacilendo. Mwana wa m'mudzi amene anaphunzira unamwino, kapena umisiri wa makina, alembera akuru ace kuti mwini nchito wa dziko lina wamuitana, ndi kuti atagwira zaka zowerengeka adzaloledwa kukhala komweko masiku onse a moyo wace. Tsono akuruwo atifunsa, nati, "Aphunzitsi, kodi si Wenela yomwe ija?" Tiwayankha kuti iai, koma pali cimodzi cimene zifanana.

Tiyambe tanena za makonzedwe ace. Ku Australia, kuyambira caka ca 2019, mwini nchito wa kumadera a kunja kwa mizinda yaikuru ya Sydney, Melbourne ndi Brisbane, akasowa mmisiri pakati pa eni dziko, akhoza kuitana wa dziko lina. Woitanidwayo alandira cilolezo ca zaka 5, ndipo atakhala ndi kugwira nchito kumaderako zaka 3 akhoza kupempha kukhala cikhalire. Wenela sanali wotero. Iye anafuna mphamvu za manja, natenga mwamuna yekha, nambweza kwao pakutha pangano. Awa afuna nzeru ya munthu, nalola mkazi ndi ana kutsagana naye. Koma pa zaka zoyambazo mlendo aima pa kalata ya mwini nchito. Nchito ikatha ali ndi masiku owerengeka a kupeza wina womuimira, ndipo akalephera ayenera kucoka. Apa ndipo pagona kufanana kuja.

Sitinena izi monga anthu osadziwa ulendo. Makolo a Angoni a kuno anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'caka ca 1835, ndipo lero palibe awayesa alendo. Pambuyo pace msonkho unaturutsa amuna m'midzi, kotero kuti m'caka ca 1935 akuru amene Boma linawatuma kufufuza za ulendowu anayesa kuti amuna a Nyasaland okhala kunja anali ngati 120,000. Sanali okumba okha okha. Ambiri anali ana a sukulu za misyoni, amene eni migodi ndi eni minda a ku Rhodesia anawakonda cifukwa ca kudziwa kulemba ndi kuwerengera, nawaika akalaliki, akapitao ndi othandiza m'zipatala. Otere ndiwo anacedwa kubwera, pakuti nchito yao inali yabwino ndi nyumba inali ya mwini nchito. Anakwatira komweko, nabala ana, ndipo kwao anachedwa machona.

Cimene cinagwera zidzukulu zao ticilingalire bwino, abale. M'caka ca 2000, pamene minda ya Azungu inayamba kulandidwa ku Zimbabwe, anchito a m'mindamo anataya nchito ndi nyumba tsiku limodzi, popeza komboni inali pa nthaka ya mwini munda. Eni dziko anali ndi midzi yao yothawirako, koma mdzukulu wa mchona analibe. Ndipo m'caka ca 2001 lamulo linaturuka lakuti yense amene akhoza kuyesedwa mbadwa ya dziko lina alikane dzikolo polemba, pakati pa miyezi 6. Anthu obadwira komweko, osaona Malawi ndi kale lonse, ambiri osadziwa kuti lamulolo linena za iwo, anapezeka olembedwa alendo pa zitupa zao, osaloledwa kusankha atsogoleri. Malamulo akuru a 2013 ndiwo anawabwezera umbadwa. Agogo ao sanacimwe kanthu. Anangoyesa kuti kukhala zaka zambiri pamalo ndiko kukhala mwini malo, ndipo panalibe wowauza kuti m'mabuku a Boma akali mame, amene dzuwa likakwera akamuka.

Cifukwa cace sitiletsa ana athu kupita. Tingawaletse bwanji, ife amene tinawaphunzitsa, pamene ena akhala ndi makalata ao a maphunziro m'bokosi zaka ndi zaka osapeza nchito? Inde mtima utiwawa poona namwino acoka pamene odwala adikira pa cipatala ca Mchinji, koma iyo ndi nkhani ya tsiku lina. Cotidetsa nkhawa ndi ici, kuti mnyamata akondwera ndi malipiro olembedwa m'kalata, osafunsa za mau ang'ono ali pansi pace.

Tsono poyankha makalatawo m'malo mwa akuru, tifunsa mwanayo ngati cilolezo ciri m'dzina lace kapena cimangidwa kwa mwini nchito, ndi caka cimene cidzamasuka. Timkumbutsa kuti kuloledwa kukhala cikhalire sindiko kukhala mbadwa, ndipo afunse za ana amene adzabadwira kumeneko, kuti adzalembedwa a dziko liti. Timuuzanso kuti m'caka ca 2018 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inabvomereza kuti munthu akhale mbadwa ya maiko awiri, kotero asataye citupa ca kwao, ndipo akadza kudzaceza adze nao anawo, awaonetse kwa anyakwawa, ndi kuwalozera malire a munda wa agogo ao.