Snow ya ku Lesotho imapangiwa usiku, inu muli gone

Ngati muganiza kuti mphepo ya June mu Lusaka ni yoopsa chifukwa mumasamba na manzi ya mu ketulo, ninshi mukalibe kumva za ku Lesotho. Nthawi yamene ise tikangamila pa mbaula, kuja bantu amakwela phili kukaseleleka pa snow na ma ski ku mendo. Osati ku Europe iyayi, muno mwamene mu SADC.

Malo yake ni Afriski, mu mapili ya Maluti, m'boma la Butha-Buthe, pamwamba kupitilila mamita 3,000. Kuti mumvetse bwino: Lusaka ili pafupifupi pa mamita 1,300, koma malo yotsika maningi mu Lesotho yonse yali pa 1,400. Pansi pao ni pamwamba pathu.

Manje nkhani ili apa. Nyengo ya ku Lesotho ilinganako na yathu. Mvula imagwa nthawi yotentha, ndipo June na July kumakhala kouma, kumwamba kuli mbee. Kopanda mitambo, snow izachokela kuti? Imagwa ndithu masiku ena mphepo yozizila ikabwela kuchokela ku Cape, koma siungaikhulupilile. Ndiye chifukwa chake pa ma photo ya Afriski mumaona mzele umodzi woyela, wotalika pafupifupi kilomita imodzi, uku na uku kuli chabe udzu wouma na miyala.

Mzele uja ni nchito ya makina. Usiku kukazizila kupitilila pamene manzi yamaumila, anchito amayatsa ma snow gun. Ni vimafani vikulu vamene vimapopela manzi m'mwamba ngati nkhungu, tumadontho tumauma tukalibe kufika pansi. Chodabwitsa n'chakuti kuuma kwa mpweya, kwamene kumamana phili snow yachilengedwe, ndiye kumathandiza makina, chifukwa madontho yamazizila msanga mu mpweya wouma. Kukacha, thilakita yapadela imasalaza vonse.

So pafunika vintu vitatu: manzi, malaiti na usiku wozizila. Va malaiti ise a pa Zed sitifunika kuuziwa. Chimodzi chabe chikasowa, mzele umafupika. Mlendo amaluza ndalama za ulendo, ndipo Basotho amene amaphunzitsa ski, ophika na oyeletsa ma room amaluza nyengo yamene amaiyembekeza chaka chonse. Nyengo yake ni yaifupi kale, June kufika August.

Ngati mtima wayamba kufuna, mvelani. Pitani mu July olo kuchiyambi kwa August, pamene makina yapeza nthawi younjika snow. Mukalibe kulipila chilichonse, funsani ngati mzele wonse ni wotsegula. Kuchoka ku Johannesburg ni maola pafupifupi 5 pa motoka, kupitila ku Fouriesburg na boda ya Caledonspoort, kenaka kukwela Moteng Pass. Msewu ni wa tala koma makona ni yakuthwa, ndipo usiku pamakhala ice yosaoneka. Yendani dzuwa likali. Va ndalama musavutike: rand imasebenza kuja, mphamvu yake ni imodzi na loti.

Ma ski na nsapato mungabweleke pamene paja, na aphunzitsi aliko a imwe oyamba. Kuseni snow imakhala yolimba, kugwa kumababa, masana imafewa. Tengani magalasi ya dzuwa na sunscreen, chifukwa pamwamba paja dzuwa limaocha olo khungu lakuda. Mpweya ni wochepa, so tsiku loyamba mupumila m'mwamba, ndipo mowa siuthandiza. Imwe a ma "one more", mwamvela?

Pobwela gulani bulangete ya Basotho. June wa chaka chamawa muzaiyamikila pa Kabwata.