Nyumba ya Mabanja Anai

Ine ndinakulira mu Lusaka, m'nyumba yokhala mabanja anai. Banja lililonse linali ndi khomo lakelake.

Asanayambe kumanga, amalume anajambula pulani papepala. Makhicini ndi mabafa anawaika moyandikana kuti mapaipi a madzi akhale afupiafupi. Mapaipi ataliatali amadya ndalama zambiri.

Zipinda zogona anaziika kutali ndi zipinda zocezeramo za anansi. Motero wailesi ya anzathu ikalira usiku, ife tinali kugona tulo tabwino. Cipinda ciliconse cinali ndi zenera lolowetsa kuwala ndi kamphepo.

Pulani yabwino imathandiza anansi kukhala mwamtendere, popanda mikangano. Nanga iwe, cipinda cako cogona ungaciike pati? Tatenga pensulo, ujambule tione!