Kodi Mwana Anadya Chiyani Dzulo?

Ife a ku Mangochi, mlendo akatifunsa ngati tadya, timayankha msanga kuti, "Tadya ndithu," chikhalirecho mphika sunafike pamoto. Ulemu wathu ndi wotero. Koma yankho lomweli timapita nalo ku sikelo ya ana, ndipo kumeneko limatipweteka.

Ofufuza a College of Medicine ndi a University of Tampere ya ku Finland, amene agwira ntchito zaka zambiri ku Lungwena, kum'maŵa kwa nyanja, anafuna kudziŵa ngati mau athu angadalirike. Anayeza kulemera kwa phala, nsima ndi ndiwo zimene ana a miyezi 15 ankadya, nayerekeza ndi zimene amayi ao ananena pokumbukira chakudya cha dzulo lake. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu chaka cha 2012: zonena amayi zinaposa zimene anawo anadyadi.

Sitikunena kuti amayiwo ananama. Tonsefe timakumbukira chimene tinapakula, osati chimene chinaloŵa m'mimba. Phala lotayikira pachitenje, usipa umene mkulu wake anatsomphola m'mbale imodzi, mbamu imene inagwera nkhuku: zonsezi mtima wa kholo umaziŵerengera mwana. Pena manyazi amationjezera chipande china.

Tsono mlangizi wa zaumoyo akamva kuti mwana akudya bwino, amakafuna vuto kwina, mwanayo napitirira kuonda. Choncho, abale, timpatse mwana kambale kakekake, tikhale naye pafupi kufikira atamaliza, ndipo tikafunsidwa tinene chokhacho chimene maso athu anaona.